Azakhali Okonza Mapoti

Mumsewu wa kuseri kwa siteji ya basi muli kasitolo kokonza makompyuta, pakati pa saluni ndi malo ogulitsa matayala akale. Mukalowa mumayamba mwakumana ndi kauntala yagalasi yodzaza machaja ndi mawaya, kenako mwini wake, bambo wa ndevu zometa mwaluso amene aliyense amamutchula kuti Injiniya, ngakhale palibe anaonapo satifiketi yake. Koma anthu ambiri salowa kudzafuna iyeyo. Amangomupatsa moni wongodutsa n'kulunjika pakona, pamene pali katebulo, nyale yopinda khosi, ndi mayi wina wathupi lake ndithu, wovala magalasi a chingwe. Amenewo ndiwo Azakhali. Ndi azakhali ake enieni a Injiniya, alongo awo a bambo ake, koma poti iye amaitana choncho tsiku lonse, msewu wonse unatengera. Ngakhale mkulu wa matayala, amene anaona dzuwa kale kuposa iwo, amati Azakhali.

Ntchito yawo ndi imodzi. Kompyuta ikakana kuona fulashi, kapena kabokosi kosungira mafayilo kaja amati hadi, amapita nayo kwa Azakhali kuti akaione mapoti, timabowo tam'mbali tolowetsamo zinthuzo.

Za makompyuta sanaphunzire kusukulu ina iliyonse. Zaka makumi awiri ndi ziwiri anagwira ntchito kwa dokotala wa mano. Ankawiritsa zida, kugwirira nyale, kupopa malovu, ndi kugwira dzanja azibambo a zifuwa zawo amene ankalira ngati makanda akangoona singano. Amuna awo anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo ali kusekondale, ndipo anamulera ndi ntchito ya manoyo mpaka anakula n'kukakwatiwa kutali. Adokotala aja atakalamba anatseka chipatala chawo n'kutsatira ana awo. Potsanzika anawapatsa Azakhali kachitini ka zida zakale: kagalasi ka pandodo koonera kuseri kwa mano, kopanira, ndi tizitsulo tiwiri tosongoka.

"Ndikazitani zimenezi, adokotala?"

"Mukasunge basi. Mukandisowa muzikatsegula."

Kukhala pakhomo kunawakanika. Ankasesa bwalo katatu pa tsiku, kuchapa makatani oyera kale, ndi kukangana ndi wailesi. Achimwene awo atabwera kudzacheza n'kuwapeza akuyankhana ndi munthu wowerenga zanyengo, anapukusa mutu.

"Achemwali, mupenga muno. Pitani mukamuthandize mwana wanu Injiniya kusitolo. Ngakhale kungomukhalira pakhomo akachoka."

Anayamba choncho. Ankasesa, kupukuta kauntala, kuwiritsa tiyi, ndi kuuza anthu kuti Injiniya wangotuluka pang'ono. Chilankhulo cha m'sitolomo chinkawadutsa pamwamba. Tsiku lina anamva mwana wa achimwene awoyo akuuza kasitomala kuti kompyuta yake ilibe madilaiva, ndipo munthuyo atachoka anamufunsa mwaulemu ngati madilaivawo amabwera pawokha kapena amawalemba ntchito. Injiniya anaseka mpaka kukhala pansi. Atapuma anawafotokozera kuti ndi timapulogalamu tothandiza kompyuta kumvana ndi chinthu chimene mwalowetsa.

"Ndiye bwanji osangoti omasulira?" anatero Azakhali. "Anthu inu mumakonda kuopseza anzanu ndi mawu."

Koma maso anali nawo, ndipo posakhalitsa anazindikira kuti Injiniya ali ndi mitundu iwiri yokha ya mankhwala a kompyuta yokana fulashi. Woyamba unali wakuti, "Tifomate," kutanthauza kufufuta zonse n'kuyambiranso. Wachiwiri, ngati woyambawo sunagwire, unali wakuti, "Bodi yapsa," kunena kathabwa ka m'kati komatapo zida zonse za kompyuta, ndipo ankaunena ndi nkhope ya pamaliro. Sikuti anali wakuba. Pa zowotcherera ndi mtovu anali katswiri, masikirini osweka ankasintha ngati akusenda nthochi. Kungoti timabowo tating'onoto analibe nato mtima wodekha.

Lachitatu lina kunabwera aphunzitsi aakazi, thukuta lili kamukamu, laputopu ili m'chikwama chimodzi ndi choko, maswiti a chifuwa ndi makope a ana. Anali atalemba mayeso a kalasi yonse m'laputopumo, ndipo ankafuna kuwaika m'fulashi kuti akasindikize madzulo omwewo. Fulashi inkalowa theka, kenako n'kukana, ndipo pasikirini panali zii. Poti inayo ya mbali ina inali itafa kale chaka chatha. Injiniya anayesa kawiri, n'kukankha mwamphamvu kachitatu, kenako n'kuvala nkhope yake ija.

"Madamu, apa bodi yapsa. Isiyeni, mubwere Lolemba."

"Lolemba? Mayeso ndi mawa, achimwene!"

Foni ya Injiniya inalira, ndipo anatuluka kukayankhira panja. Aphunzitsi aja anakhala pabenchi, manja ali m'masaya. Azakhali anaisuzumira laputopu ija. Kabowo kakuda, kopapatiza, kokhala ndi kalilime pakati ndi timano tachitsulo tinayi. Pakamwa potere anali atasuzumirapo zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo sanaonepo adokotala akuzula dzino asanaliunike. Kachitini kaja ankayenda nako m'chikwama, osadziwa chifukwa chake. Anatulutsa kagalasi, n'kupempha aphunzitsiwo kuti awaunikire ndi tochi ya foni.

"Tapendeketsani pang'ono. Eya, pomwepo. Amayi inu, mumadya maswiti?"

"A chifuwa, ee. Choko chimandiyabwa pakhosi."

"Nayonso laputopu yanu yadya."

Ndi kopanira kaja anasolola kapepala ka switi kofinyika, kopanikizika mpaka kumapeto ndi kukankha konse kuja, ndipo pambuyo pake panatuluka fumbi la choko lokwana kulembera deti pabolodi. Anauzira, n'kulowetsa fulashi. Inalowa yonse, gwa, ndipo kompyuta inaimba kanyimbo kake kaja kolandira mlendo. Aphunzitsi anadumpha n'kuwakumbatira Azakhali mpaka magalasi kugwa. Injiniya atalowa anapeza mayeso akukopedwa kale.

"Mwatani, azakhali?"

"Bodi yako yadzuka kwa akufa, mwanawe."

Nkhani inayenda msanga, chifukwa aphunzitsi sasunga chinsinsi cha zabwino. Mwezi usanathe anthu ankabwera akufunsa "mayi wa kagalasi uja." Azakhali anatulutsa m'mapoti ulusi wa m'matumba, nyenyeswa za bisiketi, nsonga ya pensulo, ngakhale mphemvu yaing'ono imene inasankha kufera malo abwino. Ndipo kunena zoona, mutu unayamba kukula. Anayamba kuyenda m'sitolomo ngati mwini filimu, akumuuza Injiniya kuti apumeko.

Ndiye kunabwera bambo wina wofatsa, kalaliki wa pachipatala, ndi laputopu yakuntchito imene bwana wake anamubwereka. Azakhali anaunika, n'kuona kuti kamodzi mwa timano tija kapindika n'kugona pa kanzake. Injiniya anali ataitanidwa kukakonza pulinta kwina. Laputopu inali yoyaka. Anatenga kachitsulo kawo kosongoka kuti akadzutse kadzinoko monga ankachitira ndi mawaya a m'mano a ana. Kunangomveka kuti thwa! Kamoto kabuluu kanaphethira, fungo la pulasitiki yopsa linakwera, ndipo sikirini inada bii.

Anadina batani loyatsira kasanu. Palibe. Kalaliki uja sanakalipe, ndipo ndicho chinawapweteka kwambiri. Anangofunsa ndi mawu aang'ono kuti, "Ndiye kuntchito ndikanene kuti chiyani, amayi?" Injiniya atabwera anamvetsera, n'kumuuza bamboyo kuti abwere pakapita masiku awiri. Azakhali anatenga chikwama n'kupita kwawo dzuwa lili pamutu.

Masiku atatu sanatuluke pageti. Kachitini kaja anakaponya pamwamba pa kabati. Ankadzifunsa kuti nkhalamba yophunzira kuwiritsa zida inkafunanji m'zinthu za magetsi, ndipo akaganiza za kalaliki uja ataimirira pamaso pa bwana wake, chakudya chinkawakanika. Tsiku lachinayi m'mawa kunamveka kugogoda. Anali Injiniya, atanyamula buledi.

"Azakhali, anthu akundivutitsa. Dzulo ndabweza atatu."

"Ndapha katundu wa mwini, ine. Undisiye."

"Laputopu siinafe. Kanapsa ndi kafyuzi kakang'ono ngati njere, ndasintha. Bambo aja atenga dzana, mafayilo awo onse ali momwemo." Anakhala pampando osauzidwa. "Mukudziwa kuti ine m'chaka changa choyamba ndinapsereza makompyuta awiri a sukulu tsiku limodzi? Ndinabisala kwa anzanga sabata yathunthu. Bambo anga mpaka lero sadziwa."

"Ndikawauza."

"Mukawauze, koma mubwere kaye. Inu mumaona zimene ine sindiona. Ine ndikudziwa za moto zimene inu simudziwa. Mutu umodzi susenza denga."

"Taonani mwana wa dzana akundiphera mwambi," anatero Azakhali, koma anali atayamba kale kufunafuna nsapato.

Kuyambira pamenepo anaphunzira mwadongosolo, ndipo Injiniya, amene ankaoneka wopanda chipiriro, anakhala mphunzitsi wabwino. Kompyuta imayamba yazimitsidwa, chaja n'kuzulidwa, batire n'kuchotsedwa ngati limachoka. Chitsulo sichilowanso m'poti pokhapokha moto utatheratu. Fumbi amachotsa ndi kamtengo kotokosera m'mano ndi kaburashi konyowetsa sipiriti. Anaphunziranso kuti si nthawi zonse pamene wolakwa amakhala poti. Munthu akabwera akulira kuti poti yafa, Azakhali amayamba alowetsamo fulashi yawoyawo yofiira, imene amaidziwa kuti ndi yamoyo. Ikaoneka, ndiye kuti wodwala ndi fulashi ya mwiniwakeyo. Ikakana, amayesa kabowo kena, kenako amazimitsa kompyuta n'kuyatsanso, chifukwa nayonso nthawi zina imangofuna kugona pang'ono. Anafika mpaka podziwa kutsegula pamene kompyuta imalemba zida zake zonse, n'kufufuza kachizindikiro kachikasu kosonyeza kuti omasulira aja asokonezeka, n'kuwachotsa kuti kompyuta iwaikenso yokha. Dzina loti madilaiva analikana mpaka lero.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," amatero kasitomala akayamba kupondaponda. "Khalani pansi. Tiyi alipo."

Chaka chachitatu cha Azakhali m'sitolomo ndi pamene kunabwera a Mwetulirani. Anali wojambula zithunzi wa situdiyo ya kumtunda kwa msewu, bambo wamtali, woonda, wa imvi za m'mbali, amene mkazi wake anamwalira zaka zisanu zapitazo. Dzinalo analitenga chifukwa ndi mawu amene ankauza aliyense woima patsogolo pa kamera yake, pamene iye mwini nkhope yake inkakhala ngati ya munthu amene wangolandira uthenga woipa. Tsiku limenelo uthenga woipawo unalipodi. Anaika pakatebulo hadi yakuda.

"Muli zithunzi za zaka zisanu ndi zitatu umu, mayi. Maukwati a anthu, ana obadwa, omaliza maphunziro. Kuyambira dzulo ikungolira kuti ti, ti, ti, koma pakompyuta sikuoneka. Kwina andiuza kuti ndifomate."

"Amene wakuuzaniyo mum'patse moni, koma musabwererekonso. Mumailowetsa pati?"

"Kutsogolo kwa kompyuta yanga yaikulu ija."

"Ndi waya uti?"

A Mwetulirani anatulutsa waya wautali ngati chingwe choyanikira zovala, wolumikizidwa pawiri, pena pomata ndi tepi. Anati anagula sabata yatha kuti hadi izikhala pashelefu, isamagwe. Azakhali anautenga ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa n'kuuika pambali. Anatenga kawaya kafupi m'dirowa, n'kulowetsa hadi ija kumbuyo kwa kompyuta ya m'sitolo. Kulira kuja kunasiya, m'malo mwake kunamveka kamkokomo kosalala, ndipo zithunzi zinayamba kutuluka mwandondomeko: akwati, makanda, anthu ovala mikanjo.

"Hadi ndi yadyera, bambo. Imafuna moto wokwanira. Mapoti akutsogolo ndi ofooka, ndiye inu mwaipatsanso ulendo wautali chonchi, moto ukafika utatopa. Muzilowetsa kumbuyo, ndi waya waufupi. Ndipo lero lomwe mukagule ina mukopere zonsezi. Zithunzi za anthu sizigona nyumba imodzi."

A Mwetulirani anayang'ana sikirini, n'kuyang'ana Azakhali, ndipo mayi wa saluni, amene anali atabwera kudzabwereka chaja, amalumbira mpaka lero kuti anaona mano awo koyamba tsiku limenelo.

Patapita sabata ziwiri anabweranso, ulendo uno ndi laputopu. Poti yake inkagwedera, fulashi inkaoneka mukaigwirira, mukaisiya n'kusowa. Limenelo linali vuto lenileni: timiyendo ta poti tinali titathothoka pabodi, ndipo Injiniya anawotcherera. Sabata yotsatira anabweranso. M'poti munali thonje. Azakhali anachotsa. Lachisanu lake munali kambewu ka mpunga. Anachotsanso, n'kuwalangiza kuti asamadyere pafupi ndi laputopu. A Mwetulirani anavomera mwaulemu, anamwa tiyi makapu awiri, n'kufotokoza za mwana wawo wamwamuna amene amayendetsa sitima zapamadzi ndipo saimba foni.

Ulendo wachisanu Azakhali anasolola kamtengo ka machesi. Anakaika pansi pa nyale n'kukayang'anitsitsa. Sikanali kothyoka. Kanali kodulidwa bwinobwino ndi lumo, mbali zonse ziwiri, muyeso wake wokwana ndendende m'kabowomo.

"Bambo, mumasuta?"

"Ayi, mayi, sindinayambe."

"Nanga machesiwa akulowa bwanji?"

"Mwina mphepo," anatero a Mwetulirani, maso ali kudenga.

Atachoka, mayi wa saluni analowa chisa chili m'manja, kasitomala wake atamusiya ndi mutu theka.

"Azakhali, mphepo ya masiku ano yaphunzira kugwira lumo?"

"Iwe, pita ukamalize mutu wa mwini."

"Ine ndikungodutsa. Koma malaya aja ndi atsopano, ndipo kumeta kuja n'kwa dzulo. Laputopu sidziwa kununkhira kwa perefyumu, Azakhali."

Injiniya anali kuseri kwa kauntala akunamizira kuwerenga kabuku ka pulinta, mapewa akugwedezeka. Azakhali anawathamangitsa onse awiri ndi kansalu kopukutira, koma masana onsewo anaika fulashi yawo yofiira chozondoka katatu, chinthu chimene sichinawachitikirepo.

Kunyumba anadzifunsa moona mtima. Zaka zawo zinali makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi. Anali atazolowera kugona pakati pa bedi, kudya nthawi imene afuna, ndi kusafunsidwa kuti mchere uli kuti. Komabe anazindikira kuti Lachisanu likamayandikira ankasita diresi ya maluwa ija, ndipo ankagula mkaka wa tiyi wochulukirapo. Zimenezi zinawakwiyitsa kwambiri.

Lachisanu linafika, a Mwetulirani n'kufikanso, laputopu ili kukhwapa. Sanakhale pansi. Anati ali ndi kasitomala wofuna chithunzi cha chiphaso, abweranso pakapita ola, ndipo anatuluka mothamanga mpaka kupunthwa pakhomo. Azakhali anazimitsa laputopu, n'kuchotsa batire, n'kuunika. M'poti munali kapepala koyera, kokulungidwa mothina ngati ndudu ya nyerere. Anakasolola pang'onopang'ono, n'kukatambasula pansi pa nyale. Zilembo zake zinali zazing'ono moti anachita kuika galasi lokulitsa.

Panalembedwa kuti: "Mayi, laputopu ilibe vuto. Vuto lili ndi ine. Ndingabwere kwanu Lamulungu masana kudzalankhula nanu?"

Anawerenga kawiri. Kenako anaunikanso m'poti muja, ndipo chimene anaona chinawaimitsa tsitsi. Pokankhira kalata yawoyo, a Mwetulirani anali atapinda timano tiwiri n'kusweratu kalilime kapulasitiki.

Ola litakwana bambo aja anabwera, chipewa chili m'manja. Injiniya mwadzidzidzi anakumbukira kuti ali ndi ntchito panja, koma sanapite patali kuposa pawindo, pamene mayi wa saluni anali ataima kale.

"Bambo, khalani pansi," anatero Azakhali. "Mwalemba kuti laputopu ilibe vuto. Mwanama. Inalibe vuto m'mawa. Pano poti mwaipha, ifunika kuchotsa n'kuika ina."

"Pepani, mayi."

"Positi ofesi ilipo. Foni muli nayo. Pakamwa muli napo, ndaonapo mano onse, ndi abwinobwino kupatula limodzi lakumanzere lofunika kumata. Chinakuvutani n'chiyani kuti muzizunza makina osalakwa mwezi wathunthu?"

A Mwetulirani anatembenuza chipewa chawo kawiri. "Ndimachita mantha, mayi. Ine ntchito yanga ndi kuima kuseri kwa kamera. Kutsogolo sindinazolowere. Tsiku lililonse ndimabwera nditakonza mawu, koma mukangondiyang'ana pamwamba pa magalasipo, onse amabalalika."

Azakhali anavula magalasiwo n'kuwasiya alende pachifuwa. Ukali umene anaukonzekera unali utawathawa.

"Chetechete sautsa nyama, bambo. Lamulungu ndimachapa m'mawa. Mubwere itakwana fai koloko. Laputopu muisiye kwanu."

Pawindo panamveka kuwomba m'manja, ndipo mkulu wa matayala, amene sanadziwe n'komwe chimene chikuchitika, anawombanso nawo.

Sizinathamange. Azakhali anawayendetsa a Mwetulirani miyezi isanu ndi iwiri. Anaimbira foni mwana wawo, akuyembekezera kuti akhumudwa chifukwa cha malemu bambo ake, koma mwanayo anakuwa ndi chimwemwe mpaka foni kugwa, kenako n'kufunsa ngati bamboyo angadzajambule ana ake ulele. Achimwene awo anamuitana wojambulayo n'kumufunsa mafunso kwa maola awiri, pomaliza n'kumuchenjeza kuti mlongo wawoyo amayankha wailesi. Azakhali nawo anaika mfundo zawo poyera. Ntchito sasiya. Nyumba yawo sagulitsa. Ndipo a Mwetulirani asadzayerekeze kulowetsa chilichonse m'kompyuta iliyonse popanda chilolezo.

Ukwati unali waung'ono, wa abale ndi anthu a mumsewu. Zithunzi anajambula Injiniya, ndipo theka la izo anthu alibe mitu, zimene mkwati amazidandaula mpaka pano. Anagwirizana zokhala kwa Azakhali, chifukwa kwa a Mwetulirani kunali mafelemu ambiri kuposa mipando. M'mawa amanyamukira limodzi, n'kusiyana pa siteji ya basi, wina kumtunda, wina kumunsi. Masana a Mwetulirani amatsika kudzamwa tiyi, manja ali m'thumba monga mwa pangano.

Masiku ano Azakhali amaitanidwanso m'maofesi. Mwezi wathawu kunabwera galimoto kudzawatenga, kuti bwana wamkulu wa kampani ina ya zomangamanga ali pamoto: fulashi yokhala ndi mapulani a nyumba sikuoneka, ndipo alendo ofuna kuwaona akhala kale m'chipinda chamisonkhano. Anawakweza pa chikepe mpaka pamwamba, n'kuwalowetsa mu ofesi ya kapeti wofewa ngati matiresi. Bwanayo, bambo wamimba yake ndi tayi wofiira, anali akuzungulira tebulo uku akukalipira mayi sekilitale wake, ndipo anyamata awiri a makompyuta a pakampanipo anali ataima kukhoma ngati akudikira chilango. Iwo sanaloledwe n'kukhudza komwe laputopuyo, chifukwa bwana anati ndi amene anaiwononga sabata yatha.

"Ndinu amene amakutamani aja? Mwachedwa. Laputopu yatsopano iyi, koma mapoti onse ndi akufa."

"Onse, bwana? Mwayesa angati?"

"Kamodzi komweko. Ndilibe nthawi yoseweretsa."

Azakhali anazungulira tebulo n'kuwerama. Fulashi inali italowa ndithu, yaima mwamphamvu. Kungoti inali m'kabowo kokulirapo kaja kolowetsamo waya wa intaneti, kamene kukula kwake kumalola fulashi kulowa ngati kwawo. Poti yeniyeni inali pambali pake, yopanda kanthu, ikungodikira.

Anayang'ana anyamata aja, ndipo anaona kuti nawonso aona kalekale, koma palibe amene akufuna kutaya ntchito. Anayang'ana sekilitale, maso ake ali ofiira. Kenako anaimirira n'kuika chikwama patebulo mwaulemu.

"Bwana, vutoli ndi lalikulu ndithu, lofuna bata. Tatulukani pang'ono mukawapepese alendo. Muwapepesenso amayiwa, kuti manja anga agwire bwino ntchito."

Bwanayo anadabwa, koma anang'ung'udza kapepani kwa sekilitale n'kutuluka. Chitseko chitangotsekeka, Azakhali anazula fulashi n'kuilowetsa pamalo pake, ndipo mapulani anatulukira pasikirini nthawi yomweyo. Mmodzi wa anyamata aja anatsegula pakamwa kuti aseke, koma iwo anamuloza chala.

"Useke ukafika kwanu. Pano tikhale kaye mphindi khumi, asaone ngati zinali zophweka. Amayi, ofesi yokongola chonchi ilibe tiyi?"